Dziwe losambiramo pa loji ina ku Namiwawa: madzi abwino, malo ochepa

Ana anga amaphunzira kusambira Loweruka m'mawa pa loji ina ku Namiwawa, ndipo mphunzitsi wawo ndimamuyamikira. Wamng'ono ankaopa ngakhale kuviika nkhope. Bamboyu sanamukakamize ayi. Anangomugwiritsa m'mphepete, n'kumuuza kuti azitulutsa mpweya ndi mphuno mpaka thovu lizituluka. Pano akudumphira yekha. Madzi ndi oyera, matailosi a pansi amaoneka bwinobwino, ndipo mankhwala a chlorine sapweteka maso.

Koma dziwelo ndi laling'ono, silikwana ngakhale mamita 25. Mu Okutobala dzuwa likaswa mtengo anthu amathithikana ngati mu minibasi ya ku Ndirande, mwana sangatambasule mkono osamenya mnzake. Ndalama yolowera nayo si ya aliyense, n'chifukwa chake ana ambiri amathera m'mitsinje ngati Mudi.

Lilongwe anamangiridwa dziwe la mipikisano pa masewero a Region 5, a achinyamata a m'mayiko a kummwera kwa Africa, mu 2022. Blantyre akafuna kumanga lake la anthu onse, likhale la mamita 50, kumbali kukhale kena kosaya ka ana, komanso pamalo pofika minibasi. Chachikulu ndi madzi. Ambiri omwe timamwa amachita kupopedwa kuchokera mu Shire ku Walker's Ferry kukwera mtunda wonsewu, ndiye pamafunika thanki yosungira ndi sola yoyendetsa pampu yosefa. Magetsi akazima pa lojipa pampu imaima, ndipo Loweruka lina tinabwerera pageti madzi atayamba kubiriwira.