Salaula, sitolo za m'mamolo, Kamwala kapena telala: chimene chimatikhala ife akuluakulu

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka 40 ndinatulutsa zovala zonse m'kabati n'kuziunjika pabedi. Mulu wake unali waukulu, koma zimene ndinkavaladi mlungu ndi mlungu sizinkapitirira khumi. Zina ndinagula chifukwa chotchipa, zina chifukwa zinamukhala mnzanga wa kuntchito, ndipo zina ndinkazisunga podikira kuti thupi libwerere mmene linalili ndisanabereke ana. Tsiku limenelo ndinazigawa potengera kumene ndinazigula: za salaula, za m'mamolo, za kumsika wa Kamwala kuno ku Lusaka ndi za kwa telala. Zimene ndinaona pa milu inayi imeneyo ndi zimene ndikufuna tikambirane, makamaka inu amene mwafika pamsinkhu woti za atsikana sizikukuyeneraninso, komanso simukufuna kuvala ngati mwataya mtima.

Ndiyambe ndi salaula, amene abale athu a ku Malawi amati kaunjika. Dzinali ndi la Chibemba, ndipo limanena zimene timachitazo, kufukula mulu n'kusankha. Anthu a msinkhu wanga tinakula naye. Boma la a Chiluba litalowa kuno ku Zambia mu 1991 linatsegula malonda akunja, mabelo anayamba kulowa mwaunyinji, ndipo mafakitale athu a nsalu analephera kupikisana nawo. Kafue Textiles inatsekedwa, ndipo Mulungushi Textiles ya ku Kabwe, imene inamangidwa ndi thandizo la China, inaima mu 2007. Nkhani imeneyi imandipweteka mtima ndikaiganizira, chifukwa thonje amalima makolo athu omwe ku Katete ndi ku Chipata, koma shati ya thonje timakaitola pamulu wochokera kutsidya kwa nyanja. Komabe pa milu yanga inayi, nsalu zabwino kwambiri zinali pamulu wa salaula. Jekete imene ndimavala ku ofesi mu June ndi July ndinaigula kumsika wa Soweto kuno ku Lusaka zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndi ya ubweya weniweni, ndipo mpaka lero sinasuluke. Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, m'mawa wa July kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10, ndipo zovala zosokedwera anthu a kumayiko ozizira zimagwiradi ntchito pamenepa. Majuzi, majekete, mathalauza a jini ndi mashati a amuna a manja aatali, pa izi salaula alibe mnzake.

Koma salaula amalipiritsa ndi nthawi. Belo la makilogalamu 45 likamatsegulidwa m'mamawa, oyamba kufika ndi ogulitsa anzawo, amene amatola zabwino n'kukazichapa, kuzisita, n'kuziika pa Facebook ndi pa WhatsApp pamtengo wokwera. Mukafika dzuwa lili pamutu mumapeza zotsala. Ku City Market ndi ku Soweto mulibe chipinda choyesera, mumavala pamwamba pa zimene mwavala kale, anthu akukukhudzani uku ndi uku, wogulitsa akuti "Amayi, yakukhalani iyi, tengani basi." Mukafika kunyumba n'kupeza kuti yathina m'khwapa, kubweza kulibe. Amene sakonda phokoso angayese sitolo za DAPP, kumene zovala zimakhala zopachikidwa bwino ndipo munthu umasankha mtima uli m'malo, kapena misika ya kumakomboni monga Mtendere, Chilenje ndi Matero, kumene wogulitsa akakuzolowerani amakusungirani za saizi yanu.

Nkhani ya saizi ndi imene imasokoneza ambiri. Nambala yolembedwa pakolala imadalira dziko limene chovalacho chachokera. Diresi imene ku Britain amailemba 14, ku America imakhala 10, ku Germany ndi mayiko ena a ku Ulaya imakhala cha m'ma 40 kapena 42, ndipo ku South Africa ndi 38. Mayi amene amadziwa kuti amavala 14 akhoza kusiya diresi yomukwana bwino chifukwa yalembedwa 10. Ine ndinasiya kuwerenga manambala amenewa. M'chikwama mwanga mumakhala tepi ya telala, ndipo ndimadziwa masentimita a mapewa anga, chifuwa, chiuno ndi m'mbina. Njira ija yozunguliza chiuno cha thalauza pakhosi imathandiza pang'ono, koma imangonena za chiuno, siinena ngati thalauzalo lidutsa m'ntchafu. Musanalipire, tembenuzani chovala muone misoko, m'khwapa, pakolala, pakati pa miyendo ndi zipi. Zamkati zokha musagule pamulu, ngakhale malamulo a dziko lino saloleza kuitanitsa zamkati zovalidwa kale.

Vuto lalikulu la salaula kwa munthu amene akufuna kupeza kavalidwe kake ndi lakuti mulu ndi umene umakusankhirani. Mumachoka kunyumba mukufuna siketi yakuda, mumabwerako ndi mabulauzi atatu amaluwa chifukwa anali otchipa. Zambiri zimene sindinkavala pa bedi lija zinabwera mwa njira imeneyi.

Sitolo za m'mamolo zimapereka chimene salaula sangapereke: galasi lalitali, chitseko chotseka, ndi risiti. Manda Hill inatsegulidwa mu 1999, kenako kunabwera Arcades, Levy Junction ndi East Park, ndipo sitolo zambiri za zovala m'menemo, monga PEP, Mr Price ndi Woolworths, ndi za ku South Africa. Zimenezi zili ndi ubwino umene anthu sautchula kawirikawiri: nyengo zawo ndi zathu zimayendera limodzi, choncho majuzi amafika kukamayamba kuzizira, zopepuka zimafika kukamayamba kutentha. Chovala chimodzi mumachipeza m'masaizi angapo, mumayesa 36, 38 ndi 40 motsatizana, n'kuona ndi maso anu pamene msoko wa phewa ukuyenera kugwera. Ine ndimati munthu amene sakudziwa chimene chimamukhala ayambire kuno, ngakhale osagula. Tengani khosi la V ndi lozungulira, siketi yofika m'mawondo ndi yofika m'akakolo, yesani zonse mofatsa. Galasi la m'chipinda choyesera ndi limene linandiphunzitsa kuti bulauzi yothera pamwamba pa mbina imandiyenera kuposa yaitali imene ndinkadziphimba nayo.

Zofooka zake ndi ziwiri. Mtengo umatsata kwacha, ikagwa pamaso pa dola ndi randi mumamva m'thumba mwezi womwewo. Chachiwiri, zambiri za mtengo wofikirika zimasokedwera achinyamata: zazifupi, zothina, za nsalu yopyapyala. Zoyenera mayi wa zaka 45 wopita kumsonkhano wa ntchito zilipo, koma zili kumbali yodula. Ndiponso diresi imene mwaikonda aikondanso ena makumi angapo, ndipo kuphwando la kitchen party mukhoza kukumana nayo kawiri. Pamulu wanga wa m'mamolo zimene zinapulumuka ndi zosaonekera kwambiri: zamkati, masikipa oyera ndi akuda, thalauza lakuda limodzi, ndi nsapato zafulati. Pa zimenezi ndalama yanu siipita pachabe.

Za ku Kamwala sindichulutsa. Zovala zosokasoka za kumeneko ndi zatsopano, zowala, zotsika mtengo, zambiri zochokera ku China. Masaizi ake ndi aang'ono kuposa olembedwawo, ndipo nsalu zambiri ndi poliyesita, imene mu October, m'minibasi yodzaza pa Great East Road, imamatirira pathupi n'kusunga thukuta. Pa mulu umenewu sindinasunge diresi ngakhale imodzi. Koma Kamwala ndimapitabe, chifukwa ndi kumene kuli zitenje, nsalu za masuti, layiningi, mazipi ndi mabatani. Kamwala ndi khomo lolowera kwa telala.

Telala ndiye yekha pa onsewa amene amayamba ndi thupi lanu. Enawo amayamba ndi chovala, inu n'kumadzipanikiza kuti mulowemo. Ambiri a ife tili ndi chiuno chaching'ono poyerekeza ndi mbina, ndipo siketi ya m'sitolo ikakwana m'munsi imasiya mpata kumsana, ikakwana m'chiuno siikwera. Telala vuto limeneli saliona ngati vuto. Diresi ya chitenje, chimene kuno timangoti chitenge, yosokedwa bwino imalowa kutchalitchi, ku chilanga mulilo (mwambo woperekera zakudya kwa mkamwini ukwati usanachitike), ku ofesi Lachisanu, ndiponso kumudzi pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa August, popanda wina kukuyang'anani modabwa. Palibe chovala cha salaula kapena cha m'molo chimene chingayende malo onsewa.

Koma ndi kwa telala komwenso ndinalirako. Ndinapereka nsalu ya mayadi 6 imene azakhali anandipatsa, pamodzi ndi chithunzi cha pafoni, kwa telala wina amene ndinangomva kuti amatha. Ukwati unali Loweruka, iye anamaliza Lachisanu usiku, manja anali othina moti sindinathe kukweza dzanja, ndipo anali atadula nsalu mopanda kusiya yowonjezera m'misoko. Nsalu ya azakhali inathera pomwepo. Chiyambire pamenepo telala watsopano ndimamuyesa kaye ndi kantchito kakang'ono, kupinda siketi kapena kusintha zipi. Ndikakhutira ndimamupatsa chitenje chotchipa, ndipo nsalu yodula imabwera pachitatu. Chithunzi cha pafoni chimanyenga, chifukwa thupi la wovalayo si lanu ndipo kumbuyo kwa diresi simukuona. Chabwino ndi kupita ndi chovala chimene chimakukhalani kale n'kunena kuti, "Bambo, mapewa ndi khosi mutengere apa, kutalika muwonjezere zala zinayi." Muwauze asiye nsalu m'misoko, thupi la munthu wamkulu limasintha. Mupite kukayesa asanamalize. Ndipo December ndi miyezi ya maukwati musayembekezere kuti tsiku limene mwapangana ndi limene mudzatenge, perekani nsalu kudakali milungu itatu kapena inayi.

Nsalu yokhayo imafunanso diso. Chitenje cha wakisi chenicheni maluwa ake amaoneka mofanana mbali zonse ziwiri, pamene chongodinda pamwamba kuseri chimakhala chofwifwa. Zina zimauma gwa m'sitolo chifukwa cha sitachi, mukachapa kamodzi zimasanduka zopyapyala ngati mpango. Chapani nsalu musanapite nayo kwa telala, ya thonje imafupika ikalowa m'madzi koyamba, ndipo ndi bwino ifupike isanadulidwe. Pa maluwa, aakuluakulu amafuna chovala chosachuluka misoko kuti asaduke pakati, aang'onoang'ono amalola masitayilo ambiri.

Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima maola ambiri patsiku, ndinaphunzira chinthu china chimene sindinkachiganizira pogula: kusita. Mashati a lineni a salaula, okongola chotero, anakhala m'kabati miyezi yambiri chifukwa sangavalidwe osasita, ndipo simbi yamakala m'mawa wa tsiku la ntchito si yapafupi. Chitenje cha thonje mukachiyanika bwino pa hang'ala chimavalika. Atelala a makina opalasa ndi phazi anapitiriza ntchito nthawi imeneyo, a makina amagetsi anali ndi milu ya nsalu za anthu.

Abambo nkhaniyi ikukukhudzaninso. Suti ya salaula yothina m'mapewa, manja ake ofika m'zala, imachotsa ulemu umene munaigulira. A Kenneth Kaunda anavala suti yawo ya safari, ya matumba kutsogolo, yosafuna tayi, zaka zambiri mpaka inatenga dzina lawo. Anapeza choyenera thupi lawo ndi kutentha kwa dziko lino, n'kukhala nacho. Mlongo wanga, amene ndi mphunzitsi, anasoketsa ziwiri zoterozo, ndipo mu October ndi iye amene amaoneka womasuka pakati pa anzake ovala majekete.

Mukandifunsa kuti pa zinayizi nditenge iti, ndinena kuti salaula ndi telala pamodzi, chifukwa mulu umene unapambana pabedi lija unali wachisanu umene sindinauganizire poyamba: zovala za salaula zimene telala anazikonza. Nsalu yabwino ya kunja, yodulidwanso potsata thupi langa, pamtengo wosafika wa diresi imodzi ya m'molo. Chinsinsi chake ndi kudziwa zimene telala angathe kusintha. Chiuno amachepetsa mosavuta, kutalika amapinda, manja amafupikitsa, mabatani amasintha. Mapewa a jekete ndi ovuta, ndipo chovala chothina sangachikulitse ngati m'misoko mulibe nsalu. Choncho pamulu ndimayang'ana mapewa ndi mbina kaye, zikakwana pamenepo ndimatenga ngakhale chiuno chikhale chachikulu.

Tsopano ndisanapite ku Soweto ndimalemba papepala chimene ndikukafuna ndi mitundu itatu imene ndinaona kuti imagwirizana ndi khungu langa, yobiriwira modera, yofiirira ngati njerwa ndi yabuluu wakuda, ndipo ndimanyamula ndalama ya zimenezo zokha. Loweruka lapitali ndinkafuna thalauza labuluu wakuda. Ndinalipeza pa tebulo lachinayi, lalikulu m'chiuno ndi masentimita 6, ndipo pano lili kwa telala wanga ku Chilenje, ndikalitenga Lachinayi ndikaweruka.