Buscopan amaziziritsa kupota kwa m'mimba, koma gwero la vuto salikhudza

Mwa mankhwala a m'mimba amene amagulitsidwa m'mafamase a pa Mangochi Boma, Buscopan ndi amodzi mwa omwe amagwiradi ntchito imene anawapangira. Piritsi limodzi lili ndi 10 mg ya hyoscine butylbromide, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kumasula minofu ya matumbo ikakungika. Munthu wamkulu amayamba ndi piritsi limodzi katatu pa tsiku. Ululu ukakula akhoza kufika pa mapiritsi awiri kanayi pa tsiku, osapitirira pamenepo. Kupota kumayamba kuzizira ola lisanathe.

Amene amapindula nawo kwambiri ndi odwala IBS. Awa ndi anthu amene m'mimba mumawapweteka kamodzi kapena kuposerapo pa sabata kwa miyezi itatu, ululu wake n'kumayendera limodzi ndi chimbudzi: lero kutsegula m'mimba, mkuja kudzimbidwa, mimba yodzadza mpweya ngati ng'oma. Akawayeza sapezeka ndi chilonda kapena chotupa. Vuto limakhala loti matumbo amamva msanga ululu ndipo sayenda mwadongosolo. Nkhawa ndi kusagona bwino zimawonjezera moto. Ena matendawa amawayamba atangochira kutsegula m'mimba koopsa, ndipo kuno kumene kolera inavuta kwambiri mu 2022 ndi 2023 mfundo imeneyi si yoinyozera.

Choipa cha Buscopan n'chakuti amabisa zinthu. Ululu ukazizira munthu amaiwala zokayezetsa, pamene m'mbali mwa nyanja muno zopotetsa m'mimba n'zambiri: njoka za m'mimba, tizilombo ta giardia ndi amoeba, ndi likodzo la m'matumbo, limene ofufuza analipeza mwa ana a sukulu a m'boma lino nkhono zake zitaoneka m'nyanja ya Malawi mu 2017. Likodzo limafuna praziquantel, 40 mg pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa thupi. Buscopan salikhudza ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake tikunena kuti musanagule paketi yachiwiri, pitani ndi chimbudzi kukayezetsa ku chipatala chachikulu cha Mangochi kapena kulikonse kumene kuli labu. Ngati m'chimbudzi muli magazi, thupi likutha popanda chifukwa, mukutentha thupi, kutsegula m'mimba kukukudzutsani usiku, kapena vuto layamba mutapitirira zaka 50, famase si malo anu. Pamenepo pafunika dokotala, ndipo kuyezetsa magazi, HIV ndi TB kusatsale.

Pa SIBO mankhwalawa ndi osathandiza. SIBO ndi kuchulukana kwa mabakiteriya m'matumbo aang'ono, mmene mumayenera kukhala ochepa. Amachulukana chakudya chikamachedwa kudutsa, monga mwa odwala shuga kwa zaka zambiri kapena amene anachitidwa opaleshoni ya m'mimba, komanso asidi wa m'mimba akachepa chifukwa chomwa omeprazole miyezi yambirimbiri. Mabakiteriyawo amawiritsa chakudya ngati thobwa, mimba n'kufufuma munthu atangodya, ndipo pakapita nthawi amalanda vitamini B12 mpaka magazi kuchepa. Tsono Buscopan amachedwetsa matumbo, kumene kuli kuwayalira mphasa mabakiteriya omwewo. Poyeza SIBO amamwetsa munthu shuga wa glucose kapena lactulose n'kumayeza hydrogen mu mpweya wopuma; ikakwera ndi 20 ppm (magawo 20 pa miliyoni) mkati mwa mphindi 90, amati ndi SIBO. Mankhwala odziwika ndi rifaximin, 550 mg katatu pa tsiku kwa masiku 14, ndipo kumene sapezeka dokotala amatha kulemba metronidazole, amene ambiri timati Flagyl. Ameneyu sayenderana ndi mowa, komanso si wogula pa benchi n'kumwa masiku awiri. Chizolowezi chimenecho chimangolimbitsa tizilombo.

Buscopan amagwira bwino ntchito ngati mbale nayo yasintha. Zofufumitsa mimba kwambiri ndi nyemba, nandolo, khobwe, anyezi, adyo, mkaka, mango, mavwende ndi za ufa wa tirigu monga buledi ndi mandasi. Nsima, mpunga, chambo, usipa, mazira, mbatata ya kachewere ndi papaya sizivuta kwa ambiri. Njira imeneyi, yotchedwa low FODMAP, inachokera ku Monash University ku Australia. Mumasiya zovutazo kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, kenako n'kumabwezera chimodzichimodzi, masiku atatu chilichonse, kuti mudziwe chenicheni chimene chikukuvutani. Kusiya zonse mpaka kalekale n'kulakwitsa, makamaka pa banja limene ndiwo yake yodalirika ndi nyemba. M'mwezi wa Ramadan, kumasula ndi mbale yaikulu ya zokazinga nthawi imodzi kumadzutsa kupota. Yambani ndi madzi ndi chakudya chochepa, chotsalacho mudye pakapita kanthawi.

Zovuta zake zilipo. M'kamwa mumauma, mtima umathamanga, maso amachita chimbuuzi, ndipo amene IBS yawo ndi yodzimbidwa akhoza kumangika koposa. Amachepetsanso thukuta, zimene si zamasewera m'dzuwa la Okutobala kwa msodzi kapena wakabaza. Odwala matenda a maso otchedwa glaucoma, abambo ovutika kukodza chifukwa cha kutupa kwa prostate, ndi aliyense amene akusanza mimba itatupa osatulutsa mpweya kapena chimbudzi, asamwe. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa ayambe afunsa kuchipatala.

Pogula, hyoscine butylbromide wa kampani ina ndi mankhwala omwewo, ndipo nthawi zambiri amakhala wotsika mtengo. Gulani mu famase yovomerezedwa ndi PMRA (bungwe la boma loona za mankhwala), onani tsiku lotha mphamvu pa kapepala ka mapiritsi, ndipo kanani amene akhala padzuwa pamsika.