Apple crisp kapena apple pie: muphike chiti?

Ku America, mu Okutobala masamba akamayoyoka, maapozi amachuluka ndipo makomo ambiri amaphika ziwirizi. Crisp ndi maapozi oduladula, pamwamba mutawaza oats, fulawa, batala ndi shuga wabulauni. Pie imafuna mtanda pansi ndi pamwamba, maapozi ali pakati.

Crisp mumangofikisa zowaza pamwambazo ndi zala mpaka zikhale timibulu.
Pie mukande, mtanda uzizire mufiriji, kenako muutambasule mosamala kuti usang'ambike.
Crisp imapsa m'mphindi 45 pa madigiri 180, pie pafupifupi ola.
Koma crisp ikagona imafewa pamwamba, pomwe pie imadulikabe bwino.

Ine mtima wanga uli pa crisp, makamaka ya maapozi owawasa a Granny Smith, ikamatuluka mu uvuni madzi akuwira m'mbali mwa mbale, sinamoni akununkhira nyumba yonse. Wongoyamba kumene ayambire pamenepa. Pie ndi ya amene akunyamula kupita nayo kwa abale.