QGIS, GRASS ndi SAGA: iti imakuuzani msanga kuti deta yanu yavuta?

Munthu akangoyamba kupanga mapu pa kompyuta, dandaulo lake limakhala limodzimodzi: pulogalamu yasokonekera. Misewu yakagwera pakati pa nyanja, mitsinje ikuduka m'malo mokumana, chida china chayenda mphindi 20 n'kutulutsa fayilo yopanda kanthu. Ine ndagwira ntchito ndi QGIS, GRASS GIS ndi SAGA GIS nthawi yaitali ndithu, ndipo ndaona kuti kawirikawiri mlandu sukhala wa pulogalamu. Vuto limakhala lili kale m'deta. Pamene mapulogalamu atatuwa amasiyana kwenikweni ndi pa nthawi imene iliyonse imakuululirani vutolo. QGIS imakulandirani ndi manja awiri, vuto n'kudzatulukira ntchito itapita patali. GRASS imakuimitsani pakhomo pomwe. SAGA ili ndi liwiro, koma siyankhula zambiri.

Onse atatu ndi aulere, ndipo khodi yawo ndi yotseguka kwa aliyense wofuna kuiwerenga kapena kuisintha. Kunsi kwawo amadalira zida zofanana: GDAL yowerengera ndi kulembera mafayilo, ndi PROJ yosinthira manambala a malo. N'chifukwa chake fayilo yowonongeka ikakana kutseguka mu QGIS, kuthamangira ku SAGA sikuthandiza kwenikweni, popeza wowerenga fayiloyo ndi yemweyo.

QGIS anaiyamba Gary Sherman mu 2002, ikutchedwa Quantum GIS, ndipo poyamba inali yongoonera deta ya mu PostGIS, nkhokwe yosungiramo deta ya mapu. Dzina lalifupili linakhazikika mu 2013, QGIS 3 n'kutuluka mu 2018. GRASS ndiye gogo wa onsewa. Inayambira ku malo ofufuzira a asilikali a dziko la America ku Champaign, Illinois, mu 1982, ndipo inalowa pansi pa GPL, laisensi ya mapulogalamu otseguka, mu 1999. SAGA inabadwira pa yunivesite ya Göttingen ku Germany, m'manja mwa akatswiri monga Olaf Conrad ndi Jürgen Böhner, ntchitoyo n'kudzasamukira ku Hamburg. Chiyambi chimenechi chikuonekerabe pa khalidwe la iliyonse. QGIS imafuna kukuonetsani mapu msangamsanga, GRASS imafuna kuti masamu akhale olondola, SAGA mtima wake uli pa mapiri, zigwa ndi kayendedwe ka madzi.

Tiyambe ndi msampha umene umakola anthu ambiri, wa CRS, ndondomeko yonena kuti manambala a m'fayilo yanu akuimira malo ati padziko. QGIS imalola kuti muike ma layer (magulu a deta, monga la misewu kapena la mitsinje) a ma CRS osiyanasiyana pa mapu amodzi, iyo n'kumawasanja yokha kuti agwirizane pa sikirini. Kwa woyamba kumene zimenezi n'zokoma. Koma kusanjako n'kwa maso okha, mafayilo amakhalabe mmene analili. Tiyerekeze kuti muli ndi madontho a zitsime mu CRS yotchedwa EPSG:4326, imene muyezo wake ndi madigiri, ndipo mukufuna dera la mamita 500 kuzungulira chitsime chilichonse. Mukalemba 500 pa chida cha Buffer, QGIS imamva madigiri 500, chonsecho digiri imodzi kuchoka kumpoto kupita kummwera ndi makilomita pafupifupi 111. Chotulukacho chimakuta dziko lonse lapansi. Kachizindikiro kochenjeza kamakhalapo pambali pa bokosi lolembamo, koma n'kakang'ono ndipo sikakuletsani kupitiriza.

Mankhwala ake ndi kusamutsira layer ku CRS ya mamita, monga UTM, imene imagawa dziko lapansi m'zigawo 60, chilichonse cha madigiri 6. Sankhani chigawo chimene malo anu ali. Apa mpamene ambiri amapunthwa kachiwiri, poganiza kuti Assign projection ndi Reproject layer n'chimodzimodzi. Choyambacho chimangosintha chikwangwani, manambala n'kukhala omwewo. Chachiwiricho chimawerengetsa manambala atsopano. Mukapachika chikwangwani cha mamita pa fayilo ya madigiri, deta yanu yonse imafinyika n'kusanduka kadontho kutali ndi kwawo. Assign projection muigwiritse ntchito pokhapokha fayilo ikakhala yopanda chikwangwani kapena ili ndi cholakwika. Pofuna kudziwa choona, tsegulani Properties ya layer muone manambala a malire ake. Akakhala osapitirira 180, kawirikawiri amakhala madigiri, ndipo akafika m'mazana a masauzande kapena mamiliyoni ndi mamita. Madontho ochokera ku CSV, fayilo ya mndandanda wa manambala, akagwera malo achilendo, onani ngati simunatembenuze: X ndi longitude, Y ndi latitude. Ena akaunjikana panyanja kummwera kwa Ghana, pa 0 ndi 0, ndiye kuti wolemba deta anaika ziro pamene analibe nambala. Chinanso, musayezere kukula kwa malo pa EPSG:3857, ija ya mapu a pa intaneti, chifukwa imafutukula malo akamatalikira equator.

GRASS siilola kuti mufike nkomwe pamavuto amenewa. Musanalowetse fayilo ngakhale imodzi, imafuna mupange kaye malo ogwiriramo ntchito, amene kale ankatchedwa location ndipo tsopano akutchedwa project, okhala ndi CRS imodzi yokha. M'kati mwake mumakhala zipinda zotchedwa mapset, choyamba chake PERMANENT. Mukabwera ndi fayilo ya CRS ina, r.in.gdal ndi v.in.ogr zimakana poyera n'kukuuzani chifukwa. Zimene zimasintha deta polowetsa ndi r.import ndi v.import. Pali kachilembo ka -o kouza GRASS kuti ingolandira osafunsa, ndipo ndikupemphani anzanga, musakakhudze ngati simukudziwa bwino chimene mukuchita. Ambiri amagwa ulesi pakhomo pomwepa n'kubwerera ku QGIS. Ndimawamvetsa, koma theka la ola limene GRASS imakudyerani pachiyambi limakupulumutsani ku mapu okongola okhala ndi manambala abodza. SAGA pankhaniyi imakusiyirani udindo wonse. Zida zake zambiri zoyezera mtunda zimangotenga kuti muyezo wa pansi ndi wa kutalika kwa phiri ndi umodzi, ndiye mukaipatsa deta ya madigiri imawerengetsa ndithu, yankho n'kukhala lopanda mutu.

Vuto lachiwiri ndi la malire. Mu QGIS, monganso mu SAGA, polygon iliyonse, kutanthauza dera lozunguliridwa ndi mzere monga munda, imasunga malire akeake. Minda iwiri yoyandikana imakhala ndi malire amodzi pamalo penipeni, koma m'fayilo amalembedwa kawiri, ndipo wojambula akaphonya pang'ono pamatsala kampata kapena mbali zina zimakwerana. Pa sikirini simuona kanthu. Mumadzadziwa pochita Intersection (kupeza pamene madera akumana) kapena Dissolve (kuwaphatikiza), chida chikaima n'kunena kuti pali invalid geometry, ndiko kuti polygon yojambulidwa molakwika. Check validity imakulozerani pamene mzere wadzipingasa wokha, ndipo Fix geometries imakonza zambiri mwa zoterezi. Palinso njira youza QGIS kuti izingodumpha zolakwikazo. Imeneyo ndimaiopa, chifukwa chida chimamaliza bwinobwino, munda umodzi kapena iwiri itasowa m'chotulukacho. Dziwaninso kuti Fix geometries imayang'ana polygon iliyonse payokha, siitseka mipata ya pakati pa oyandikana.

Apa GRASS imaposa anzake kutalitali. Iyo imasunga malire kamodzi kokha, n'kumadziwa kuti kumanja kwa mzere kuli munda uwu, kumanzere kuli uwo. Polowetsa deta imamanga ubale umenewu ndipo imakuuzani nthawi yomweyo ngati yapeza zokwerana. Kenako v.clean imadula mizere pamene yadutsana, imalumikiza nsonga zoyandikana, imachotsa mizere yobwerezedwa ndi tizidutswa tating'onoting'ono. Chenjerani ndi muyezo umene mukupereka. Ndinalandirapo deta ya malire a minda kuchokera ku ofesi ina, yodzaza ndi tizidutswa totere, ndipo titaika muyezo waukulu pochotsa, tinapeza kuti timinda tenitweni ta anthu tamezedwa ndi minda yoyandikana nato. Tinabwerera pachiyambi, kuyamba ndi muyezo wochepa kwambiri n'kumawerenga chiwerengero cha minda nthawi iliyonse tikakweza.

Pa raster, deta ya timabokosi monga zithunzi za satelayiti kapena DEM yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka, iliyonse ili ndi pogwetsera pake. Mu GRASS ndi g.region. Chida chilichonse cha raster chimagwira ntchito m'kati mwa dera ndi kukula kwa timabokosi kumene region ikunena, osati monga fayilo yanu ilili. Chotuluka chikakhala chopanda kanthu, chodukiza, kapena cha timabokosi tikuluzikulu, musafufuze kutali. Lembani g.region raster=dem -p (pa dem muike dzina la raster yanu), muone manambala, muyambirenso. Mu SAGA ndi grid system. Ma grid awiri (ndilo dzina la raster mu SAGA) amaonekera limodzi pa chida pokhapokha akafanana malire ndi kukula kwa timabokosi, ndiye grid yanu ikasowa pamndandanda wosankhapo, siinatayike, ingofunika Resampling kuti ifanane ndi inzake. SAGA imakondanso kupereka kutsetsereka kwa malo mu radian, muyezo wina wa ngodya. Mukaona manambala onse ali pansi pa 1.57, sinthani muyezo ukhale madigiri.

Pa nkhani ya madzi, awiriwa amapikisana zenizeni. Ndi DEM monga ya SRTM, imene anaijambula kuchokera pa chombo cha Endeavour mu February 2000 ndipo timabokosi take ndi ta mamita pafupifupi 30, SAGA imafuna mudzaze kaye timaenje ndi Fill Sinks musanawerengetse kumene madzi akulowera. Zida zake pambaliyi n'zochuluka, kuphatikizapo SAGA Wetness Index imene ambiri amaikonda, ndipo zimamaliza msanga chifukwa deta yonse imakhala mu RAM, memore yofulumira ya kompyuta. Liwiro lomwelo ndilo limaigwetsa DEM ikakula kuposa mphamvu ya kompyuta yanu. Chida cha r.watershed cha GRASS sichifuna kudzaza timaenje, chimafufuza chokha njira yosavuta yotulukira madzi, ndipo ndi -m chimagwiritsa ntchito disiki m'malo mwa RAM. Chimachedwerapo, koma chimafika. Dera likakhala laling'ono ndipo ndikuyesayesa njira zingapo, ndimatsegula SAGA. Likakhala chigwa chachikulu, GRASS.

Mwina munganene kuti zonsezi zili kale mu Processing Toolbox, bokosi la zida la QGIS, nanga kuvutikiranji? N'zoona kuti zida za GRASS zimaoneka mmenemo, ndipo za SAGA zimabwera kudzera pa plugin yapadera, kapulogalamu kowonjezera, popeza QGIS yatsopano siibweranso nazo yokha. Koma mlatho umenewu ndi umene umabala madandaulo ambiri. Mukadina chida cha GRASS, QGIS imapanga project yongoyembekezera, kulowetsamo deta, kuyendetsa chidacho, n'kutulutsa chotsatira. Penapake pakaduka, inu mumangouzidwa kuti layer sinapangike. Chifukwa chenicheni chimakhala pa tsamba la Log la chidacho, ndipo muliwerenge kuyambira pamwamba, poti cholakwika choyamba ndicho chenicheni, zinazo zimangotsatira. Pa Windows, mayina a mafoda okhala ndi mipata kapena zilembo monga ŵ ndi é amasokoneza mlathowu kawirikawiri. Sungani deta m'foda ya dzina lalifupi, la zilembo wamba. Plugin ya SAGA nayo imafuna SAGA ya mtundu umene ikuudziwa, apo ayi mayina a zida sagwirizana.

Za mafayilo ndinene mwachidule. Shapefile si fayilo imodzi: .shp, .shx ndi .dbf ziyenera kuyendera limodzi, .prj ndiyo chikwangwani cha CRS, ndipo .cpg ikasowa zilembo zina zimatuluka zopotoka. Mayina a madanga ake sapitirira zilembo 10, choncho mayina aatali amadulidwa mwakachetechete, komanso fayilo siipitirira 2 GB. GeoPackage, imene inavomerezedwa mu 2014 ndi OGC, bungwe loika miyezo ya deta ya mapu, ilibe malire amenewa ndipo ndi fayilo imodzi. Fayilo ya .qgz ya QGIS simukhala deta, imangoloza kumene deta ili, ndiye posamutsa ntchito nyamulani foda yonse. QGIS ikamazima pongotsegula, ganizirani ma plugin. Pangani user profile yatsopano, ndipo ikayenda bwino mwadziwa kuti chokhumudwitsa chili mu yakale. GRASS ikazima mwadzidzidzi imasiya kafayilo ka .gislock mu mapset n'kumanena kuti wina akugwiritsa ntchito. Mukatsimikiza kuti palibe, kachotseni.

Pokonza mapu oti asindikizidwe palibe mpikisano. Print Layout ya QGIS, ndi Atlas yake yotulutsa masamba ambiri kuchokera pa chikombole chimodzi, imawasiya anzake kumbuyo. Iliponso gvSIG, imene inayambira ku boma la chigawo cha Valencia ku Spain mu 2004 ndipo imayendera Java. Ndi yabwino, koma thandizo lake lambiri lili m'Chisipanishi, chimene chimavuta mukakakamira usiku muli nokha.

Choncho ine QGIS ndiye pakhomo panga, ndipo woyamba kumene ndimamuyambitsira pomwepo. Koma wogwira ntchito ya malire kapena ya madzi ndimamulimbikitsa kuti apatule masana amodzi atsegule GRASS payokha, osadzera pa mlatho. Pangani project kuchokera pa DEM yanu yomwe ili kale mu UTM, kuti CRS itengedwe pa fayiloyo. Ilowetseni ndi r.import, ikani region pa DEM imeneyo, yendetsani r.watershed kuti ikupatseni mitsinje ndi zigwa zake. Mitsinjeyo muichepetse ndi r.thin, muisandutse mizere ndi r.to.vect, muitulutse ndi v.out.ogr ikhale GeoPackage. Mukaitsegula mu QGIS pamwamba pa chithunzi cha satelayiti, yang'anitsitsani m'malo a chidikha ndi pamene msewu wadutsa mtsinje, chifukwa pa milatho DEM imaona ngati pali khoma ndipo mzere wa madzi umatha kupatuka pomwepo.