Kabati ya matabwa, ya zitsulo kapena ya njerwa: iti ingasenze matailosi?

Ambiri akafuna kumata matailosi pamwamba pa kabati ya kukhitchini yokhomedwa pakhomo amaopa kulemera. Tiwerengetse kaye. Matailosi wamba pamodzi ndi simenti yomatira amalemera makilogalamu 20 mpaka 25 pa sikweya mita. Kauntala ya mamita 2 mulitali ndi masentimita 60 mulifupi ndi sikweya mita 1.2, ndiye kuti matailosi onsewo sakufika n'komwe thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50. Kabati yokhomedwa bwino siingalephere zimenezo. Chimene chimaswa matailosi ndi kupindika kwa chomwe chili pansi pake, komanso madzi.

Apa chipboard ndi MDF, matabwa opangidwa pomata tizidutswa kapena utuchi wa mitengo, zimagonja msanga. N'zosalala, n'zotsikirako mtengo, koma madzi akangolowa m'mphepete mwa sinki zimafufuma n'kuyamba kunyenyeka, masikuluwu n'kukhwepa. Tailosi silidziwa kupindika. Pansi pakangotsika pang'ono, mizere ya grout, simenti yotseka mipata ya pakati pa matailosi, imang'aluka, madzi amalowa ochuluka, kenako mukagogoda ndi chala mumamva kuti pansi pali mphako.

Plywood ya mamilimita 18 ndi nkhani ina. Ikani ziwiri zosanjikiza, kapena imodzi n'kuyalapo cement board (bolodi lopyapyala la simenti), ndipo matabwa oimirira ogawa kabati asatalikirane kuposa masentimita 60. Kumbuyo ikhomereni kukhoma. Simenti yomatira ikhale ija yolola kusuntha pang'ono, osati yosakaniza nokha ndi mchenga. Koma samalani ndi matabwa a chimango. Paini wosauma wogula m'mbali mwa msewu amafota n'kupotoka akamauma, ndipo amakoka kauntala yonse. A kalipentala akakuuzani kuti aumira pomwepo, kanani. Mlombwa wouma ndi wabwino zedi ngati thumba likulola, ndipo chiswe sichiukonda. Miyendo isagunde pansi ponyowa.

Chimango cha zitsulo zowotcherera sichipindika wamba, ndipo chiswe chilibe nacho ntchito. Mdani wake ndi dzimbiri, makamaka kunsi kwa sinki, choncho pakani red oxide, mankhwala oletsa dzimbiri, musanapente. Pamwamba mufunikabe plywood kapena silabu yoti matailosi agwirepo.

Kulemera kwenikweni kuli pa silabu ya konkire. Ya masentimita 5 imalemera makilogalamu 120 pa sikweya mita, ndiye kauntala yathu ija ikufika 144, pafupifupi matumba atatu a simenti, matailosi asanabwere. Imeneyi musaiike pa kabati ya chipboard ngakhale mmisiri alumbire. Imafuna zipilala za njerwa kapena zitsulo zokhuthala, waya m'kati mwake, ndi kuthirira madzi kwa sabata yathunthu. Konkire amafika mphamvu yake pa masiku 28. Ikatha, kandanipo ufa wa mandasi, ikanipo ndowa yodzaza, mwana akwerepo kukatenga shuga, palibe chogwedezeka. Kuipa kwake, njerwa zimadya malo a mapoto, ndipo simungaisunthe. Ngati muli pa lendi, mwawamangira a landilodi.

Nyumba ikakhala yanu, ine ndingasankhe njerwa ndi silabu, kalipentala n'kungoikapo zitseko ndi mashelefu. Pa lendi, chimango cha zitsulo chokhala ndi plywood pamwamba chimaposa cha matabwa, bola muchipange m'zigawo ziwiri zolumikiza ndi mabawuti kuti chituluke pakhomo tsiku losamuka.