Dune: Part Two ndi Alien: Romulus: mubene iti?

Anzanga a ku Chinamwali akhala akundifunsa kuti pa mafilimu awiriwa a 2024 ayike iti mu fulashi. Onse ndaonera, choncho ndiyankhe kamodzi.

Ndiyambe ndi chomwe chinandiwawa. Dune: Part Two ili ndi mtengo wobisika. Mnyamata wa pamalo obenera mafilimu m'tauni sanandiuze kuti nkhaniyi ikupitiriza ya gawo loyamba la 2021. Loweruka ndinaitana alamu anga ndi ana awo, tinakazinga chimanga, tinakhala pansi. Pasanathe theka la ola alamu anafunsa za Paul, mnyamata amene nkhaniyi ikumutsata, "Alamu, kodi bambo ake a Paul anawapha ndani? Nanga akuthawiranji kuchipululu?" Ndinasowa choyankha. Ana anagona, alendo anapita. Mawa lake ndinalipiranso kabaza kuchoka ku Matawale kukabena gawo loyamba. Loyambalo ndi mphindi 155, lachiwiri 166. Muwerengere maola oposa asanu, ndalama kawiri, ndi batire ngati magetsi azima.

Koma nditaonera onse motsatana, mkwiyo unatha. Wotsogolera filimuyi, Denis Villeneuve, anajambula m'zipululu zenizeni za Jordan ndi Abu Dhabi, ndipo mchengawo umachita kukuwotcha m'maso. Chomwe chinandigwira mtima ndi nkhani ya madzi. Anthu a Fremen, eni chipululu mufilimuyi, amavala zovala zosunga thukuta kuti alimwenso, ndipo munthu akafa amamuchotsa madzi m'thupi n'kuwasunga a mtundu wonse. Ife amene tinaona nyanja ya Chilwa itaphwa mu 2018, mabwato ali gwa pamatope ku Kachulu, sitifunika wotimasulira zimenezi. Musaonere pafoni yokha: phokoso la filimuyi linapata mphoto ya Oscar, limafuna sipika.

Alien: Romulus ndi yaifupi, mphindi 119, ndipo mutha kuyitsata osadziwa zakale. Imaopsa ndithu. David Jonsson, yemwe akusewera Andy, loboti yomwe Rain, mtsikana amene nkhaniyi ikumutsata, amayitenga ngati mlongo wake, ndiye anandikhalitsa mpaka kumapeto. Vuto ndi mdima. Masana, dzuwa likulowa pawindo, theka la filimu mumangodziona nokha pagalasi la TV.

Ndipo pali chomwe sindinawakhululukire. Ian Holm, amene anasewera mu Alien ya 1979, anamwalira mu 2020, koma opanga Romulus anatenga nkhope yake n'kuyiumbanso ndi makina kuti iziyankhula. Ngakhale banja lake linavomera, ine zinandinyansa. Pakamwa pakuyenda mwachilendo, maso opanda moyo, mawu omwe mwini wake sanawanenepo. Kwathu womwalira timamusiya agone. Kuyambira pamenepo mtima wanga unachoka mufilimumo.

Ngati muli ndi usiku umodzi wokha ndipo mukufuna kudzidzimuka, tengani Romulus, muzimitse nyali. Ine mufulashi mwanga ndaifufuta. Ma Dune awiri aja ndawasunga, ndipo alamu ndawaitananso Loweruka likubwerali, tiyambire gawo loyamba.