Miyezi 8 ndi Yamaha YEV-104 ndi Boss RC-5

Papita miyezi 8 chigulireni vayolini yamagetsi ya Yamaha YEV-104 pamodzi ndi Boss RC-5, kachipangizo koponda ndi phazi kamene kamajambula zomwe waimba n'kumazibwereza. Ndimaimba ndekha, popanda bandi, ndipo ziwirizi ndazigwira pafupifupi tsiku lililonse.

Za vayoliniyo ndinene mwachidule. Ndi yopepuka, ndipo siifuna batire; chipangizo chake chotola mawu chili m'kathabwa kamene nsambo zimatsamirapo. Ilibe mimba yokuza mawu, choncho usiku ndimatsitsa ampulifaya n'kumayeserera anansi ali m'tulo. Yapyola dzinja lonse osapindika, ndipo nsambo ndasintha kamodzi kokha.

RC-5 ndiyo yasintha kaimbidwe kanga. Ukaponda kamodzi imajambula, ukapondanso imabwereza, kenako umasanjikiza mawu ena pamwamba. Ili ndi malo 99 osungiramo nyimbo ndipo imajambula mpaka maola 13, ngakhale ine sindinafike n'komwe theka. Miyezi yoyambirira ndinkasanjikiza mizere ya mawu isanu kapena isanu ndi umodzi, n'kuthirapo reverb yambiri, kubwerera kwa mawu ngati kwa m'phanga. Zinkamveka zazikulu ngati m'tchalitchi chamiyala, ndipo anthu ankazikonda. Koma nditakhala pansi n'kumvetsera zomwe ndinasunga, ndinapeza kuti nyimbo zonse zinali ndi nkhope imodzi. Yachisoni, yachikondi, yothokoza, zonse zinamira m'nkhungu yomweyo.

Ndinazindikira bwino pokonzekera mwambo wokumbukira mayi anga, patatha chaka chimwalirireni. Zimene zinali mumtima mwanga sizinali kulira kwa pasiwa. Kunali kuwasowa, kosakanikirana ndi kuthokoza, komanso kakuwawa kakang'ono koti anatisiya ndisanafike kudzawatsanzika. Zinthu zitatuzo reverb inkazipanga phala limodzi. Ndinaitsitsa mpaka kutsala pang'ono kuzimiririka, n'kusiya mizere iwiri yokha. Pansi ndinajambula liwu limodzi lalitali pa nsambo ya G, uta wolizira vayolini ukuyenda pang'onopang'ono kutali ndi kathabwa kaja, kumene mawu amafewa ngati munthu wong'ung'udza nyimbo akusenda chimanga. Pamwamba pake ndinkaimba ndi uta utayandikira kathabwako. Pamenepo mawu amasasa, amauma, ngati kukhosi kwa munthu amene akumeza misozi.

Chotola mawu chija, cha mtundu wa piezo umene umatola kunjenjemera kwa kathabwa, chimamva chilichonse: kukhula kwa utomoni wopaka pa uta, kutembenuka kwa uta, ngakhale chala chikamachoka pa nsambo. Poyamba ndinkabisa zonsezi pochepetsa mawu okwera pa ampulifaya. Lero ndimasiyako zina, pakuti kunjenjemera kwa mtima kumamveka m'timaphokoso timeneti. Ndipo RC-5 siikonza kanthu. Ukajambula dzanja likuzengereza, kuzengerezako kumabweranso ulendo uliwonse, ndipo uyenera kukuyankha. N'chimodzimodzi nyimbo zathu, wina kuyambitsa ena kuvomera, kungoti pano woyambitsayo ndiwe wa mphindi yapitayo. Mwambo utatha, azakhali anandikokera pambali n'kundiuza kuti mawuwo anawakumbutsa kaligo, zeze wa nsambo imodzi amene bambo awo ankaliza madzulo. Palibe amene anandiyamikirapo motero m'miyezi ya reverb yambiri ija.

Zovuta zilipo. Adaputala yotchipa yopanda dzina imene ndinagula pamsika inkalowetsa kulira kwa magetsi, ndipo pa nyimbo yapansipansi kulirako kumamveka kuposa vayolini. Nditapeza yoyenera ya 9V kunatheratu. Phazi nalo linanditengera miyezi itatu kuti lizolowere kuponda pa nthawi yake uta usanathe, chifukwa ukachedwa pang'ono pokha, mpatawo umabwerezedwa nyimbo yonse.

Kwa woimba vayolini yekha amene akufuna womuvomera, ziwirizi ndingagulenso mosakayika. Nyimbo ya mayi ija ili pa malo a nambala 14. Mzere wapansi sindinaujambulenso, ndipo wapamwamba ndimauimba mwatsopano nthawi iliyonse.